Fomu Yachikasu ya Dokotala Vaipulu

Foni inalira Lolemba m'mawa tiyi wanga asanazizire. Anali mayi wa mu ofesi ya chipatala cha m'tauni mwathu muno, ndipo mawu ake anali a munthu amene akuchita manyazi ndi uthenga umene wasenza.

"Mayi Hartigan, tili ndi mlendo wanu kuno, Dokotala Melenaite Vaipulu. Anaterereka padoko Loweruka, mwendo unathyoka pawiri. Opaleshoni inayenda bwino, musade nkhawa. Vuto ndi inshuwalansi yake."

"Yatani inshuwalansiyo?"

"Akampani akuti inathetsedwa mu Malichi. Akuti munawauza ndinu."

Ndagwira ntchito zaka pafupifupi makumi awiri pa malo ofufuzira za m'nyanja a yunivesite yathu kuno ku Port Ellery, ndipo ntchito yanga ndi imodzi: kulandira akatswiri obwera kuchokera kunja ndi kuonetsetsa kuti mapepala awo ali bwino. Ndimaikonda. Zenera langa limayang'ana kudoko, mtengo wa mango uli pakhomo pomwe, ndipo alendo anga akamabwerera kwawo amandisiyira tizinthu tokolekera pakhoma. Lamulo lake ndi losavuta. Mlendo aliyense ayenera kukhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo masiku onse amene ali m'dziko muno, apo ayi viza yake ili pangozi. Yunivesite imamuika pa inshuwalansi yake akangofika. Amene ali kale ndi ina yokwanira amalemba fomu yachikasu yopempha kuti timuchotsepo, amandionetsa umboni, ine ndimadinda, basi. Chidindo changa chimatanthauza kuti umboniwo ndauona ndi maso anga.

Naite, momwe tonse timamutchulira, anachokera kudziko la zilumba la Tonga kudzafufuza za nkhono zikuluzikulu za pansi pa nyanja. Sanandipemphepo fomu yachikasu, ndinali wotsimikiza. Ndinatsekula kabati ndikutulutsa fayilo yake kuti ndiwaimbirenso achipatalawo ndi mtima wokhazikika.

Fomu yachikasu inali pamwamba penipeni. Dzina lake linalipo, siginecha inalipo, tsiku linali 11 Malichi. Pakona ya kumanja panali chidindo changa.

Pa 11 Malichi ine ndinali kutali, mumzinda wa Cairns, ndikusambitsa mdzukulu wanga woyamba.

*

Abwana anga anandimvetsera ali chiimire. Anati malamulo amawakakamiza kudziwitsa a zolowa ndi kutuluka m'dziko, koma adikira mpaka Lachinayi masana. Ndinajambula siginecha yokhayo pa foni yanga ndikuyamba ulendo wa kuchipatala.

Naite ndinamumva ndisanamuone. Kuseka kwake kunkamveka mpaka pakhonde. Amayi a kutchalitchi kwake anali atadzaza kale katebulo ka pambali pa bedi ndi chinangwa, nsomba zophikira m'madzi a kokonati ndi mavwende, ndipo iye anali atakhala ndi mwendo wa m'chikhakha atautsamiritsa pa pilo, duwa lili pakhutu.

"Achemwali, mwabwera pa nthawi yake. Khalani apa mudye. Anamwino onse akana kundithandiza kudya."

Ndinakhala, koma sindinadye. Ndinamuuza zonse monga zinalili. Anasiya kuseka, koma sanatekeseke.

"Ine ndichotsedwe pa inshuwalansi chifukwa ndili ndi ina? Ina iti? Kwathu inshuwalansi yanga ndi azichimwene anga asanu, ndipo onse ndi amphawi."

"Taonani apa," ndinatero ndikumupatsa foni.

Anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Dzanja ndi langa ndithu. Koma si ine ndinalemba apa."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Palembedwa kuti 'Naite V.' Achemwali, pepala la boma ine sindilembapo Naite. Ndimalemba dzina lonse, Melenaite Vaipulu, chilembo ndi chilembo. Ndinapatsidwa dzina la agogo anga, silidulidwa pamaso pa akuluakulu. Taonani m'fayilo mwanumo, muona."

"Nanga 'Naite V.' mumalemba pati?"

Anaganiza kaye.

"M'buku la boti basi. Boti limagwedezeka, amalume Elimo oliyendetsa aja amakhala akukuwa kuti mafunde sadikira munthu, ndiye ndimangokwalakwata zachidule."

"Kalata ya akampani yokudziwitsani kuti inshuwalansi yathetsedwa munailandira?"

"Ayi. Makalata anga amafikira ku labu. Sindinaone chilichonse."

Anavula magalasi aja n'kuwapinda pang'onopang'ono.

"Nkhono zanga ziswa mu Meyi. Ndazidikira zaka ziwiri. Ndiuzeni zoona, andithamangitsa zisanaswe?"

"Tili ndi masiku atatu," ndinamuyankha, chifukwa panalibe china choona chimene ndikanamuuza.

*

Mng'ono wanga anakwatiwa ndi wapolisi, Sajeni Desmond Kovacic, ndipo aliyense amene akumufuna masana amadziwa kuti amupeza pa shopu ya mapayi a nyama kuseri kwa positi ofesi. Ndinamupeza akuthira sosi wa tomato pa payi yachiwiri.

"Alamu, mwabwera kudzandinenera kwa akazi anga?"

"Ndabwera ndi ntchito. Pukutani manja."

Anawerenga fomuyo kawiri, akutafuna.

"Munthu wakuba siginecha ya mnzake ndi mlandu ndithu. Koma tiyambe ndi inuyo, alamu, popeza ndinu woyamba kuganiziridwa. Pa 11 Malichi munali kuti?"

"Ndinali ku Cairns, ndipo ndi inu munandiperekeza kusiteshoni."

"Chabwino, mwapulumuka. Mu ofesi munatsala ndani?"

"Mayi wina wa ganyu amene anabwera milungu iwiri. Ndamuimbira kale. Akuti fomuyi anaipeza m'bokosi la pakhomo, ili yodinda kale, ndiye anangoitumiza kwa akampani monga ndinamulangizira."

"Chidindo munamusiyira?"

"Chidindo changa sichisiyiridwa munthu. Chinali m'chikwama mwanga ku Cairns."

"Munapita kukaona mdzukulu ndi chidindo m'chikwama." Anapukusa mutu. "Banja limene ndinakwatirako ine. Ndiye kuti pali wina anasema chake chofanana."

"Ayi, ichi n'changa. Taonani pansi apa, chilembo chomaliza n'chobenthuka. Ndinachigwetsa chaka chatha."

"Ndiye munadinda muli ku Cairns."

Ndinabweza fomu ija kwa ine n'kuiyang'ananso pa kuwala kwa pazenera. Apo m'pamene ndinaona chimene ndinayenera kuona m'mawa. Inki inali yapepo. Inki yapepo inandithera kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikudinda ndi yakuda.

"Fomuyi sinadindidwe mu Malichi," ndinatero. "Inadindidwa kale, isanalembedwe kanthu."

"Ndani angadinde fomu yopanda kanthu?"

Ndinakumbukira tsiku lina la mu Januwale, wailesi ikulengeza za namondwe, aliyense akuthamanga kukhomerera mazenera. Mlendo wina anafika ndi umboni wake wonse, koma panalibe nthawi yoti alembe pamaso panga. Ndinadinda fomu n'kumupatsa kuti akalembere kunyumba. Kenako ndinadinda ina, kuti mwina angalakwitse.

"Ine," ndinayankha.

Desmond anasiya kutafuna. Ndinkayembekezera kuti andiseka mpaka Khirisimasi, koma anangokankhira mbale ya tchipisi kwa ine.

"Idyani. Fomu yachiwiriyo munapatsa ndani?"

"Dokotala Maarten Dekker. Amagwira ntchito mu labu imodzi ndi Naite."

"Tiyeni tikamuone. Koma chinthu chimodzi, alamu. Tsiku lolembedwa pa fomupa mwauza ndani?"

"Abwana okha."

"Likhale pakati pa ife atatu."

*

Maarten Dekker ndi munthu wamtali moti amawerama polowa mu labu. Anachokera ku Holland, ndipo amalankhula ngati akuwerenga zolemba pa botolo la mankhwala. Tinamupeza akuyeza madzi a m'thanki, ndipo tinamufotokozera vuto la Naite n'kumufunsa za mafomu aja.

"Inde, ndikukumbukira. Linali Lachinayi, pa 23 Januwale, nthawi itangopitirira hafu pasiti 2. Mayi Hartigan anandipatsa mafomu awiri. Ndinawauza kuti imodzi ikwanira. Sanandimvere."

"Yachiwiriyo munaitani?" anafunsa Desmond.

"Sindinaigwiritse ntchito. Sindilakwitsa polemba dzina langa."

"Munaitaya?"

"Pepala labwinobwino silitayidwa. Ndinaliika umu." Anatsekula kabati yaing'ono ya pafupi ndi khomo. Munali mabatire, zolembera, selotepi ndi paketi ya mabisiketi. Fomu munalibe. "Pa 24 Januwale inali pansi pa mabatirewa. Pambuyo pake sindikudziwa."

"Kabatiyi amatsekula ndani?"

"Tonse atatu. Ine, Dokotala Vaipulu ndi Dokotala Pellow. Mabisiketiwo ndi a Pellow."

"Nanga makalata a mu labu muno amakatenga ndani kugeti?" ndinafunsa ine.

"Pellow. Amafika 7 koloko. Ine ndimafika hafu pasiti 7. Vaipulu amafika Mulungu akamulola."

Desmond anatsamira khoma ngati munthu wongocheza.

"Adokotala, mukuganiza kuti ndani angapindule mayi Vaipulu atabwezedwa kwawo?"

"Sindikuganiza, ndikudziwa. Mu Juni yunivesite ilemba munthu mmodzi ntchito yokhazikika yoyang'anira labu ino. Mayina amene akutchulidwa ndi awiri, Vaipulu ndi Pellow. Asanasankhe amayendera mapepala a aliyense. Munthu amene wakhala wopanda inshuwalansi sangadutse."

"Inuyo ntchitoyo simukuifuna?"

"Asajeni, kuno kumatentha madigiri 34 ndipo m'madzi muli ng'ona. Ine ndikunyamuka pa 2 Julayi. Tikiti ndinagula ndisanabwere."

Titatuluka panja Desmond anandiyang'ana.

"Munthu uyu ndi woona mtima kapena ndi wochenjera kwambiri. Fomu inali m'manja mwake, ndipo watilozera mnzake tisanamufunse kawiri."

"Gavin Pellow ndimamudziwa kuyambira ali wophunzira," ndinatero. "Mwezi wathawu anandikonzera makina otchetchera kapinga. Anakana ngakhale botolo la mowa."

"Ndiye tiyeni tikafunse buku la boti. Ilo silikonzera munthu makina."

*

Amalume Elimo tinawapeza Lachiwiri m'mawa atakhala pa chidebe, akusoka ukonde umene si wawo. Anabadwira ku zilumba za kumpoto, ayendetsa boti la yunivesite kwa zaka makumi atatu, ndipo tauni yonse imawatcha amalume, ngakhale anthu okulirapo kuposa iwo.

"Mwana wanga Noeleen. Asajeni. Mwendo wa Naite uli bwanji?"

"Ukupola, amalume. Tikufuna tione buku la boti."

Sanadzuke msanga. Anamaliza kaye mfundo imene ankamanga.

"Doko ili ndinawauza kale kuti likolopedwe. Ndere zija n'zoterera. Ndinawauza mu Novembala. Ndinawauzanso mu Febuluwale."

"Munanena ndithu. Bukulo lili m'boti?"

"Likhala kuti?"

Analowa m'boti n'kutuluka ndi buku lalikulu la chikuto chobiriwira, lofufuma ndi chinyezi. Munthu aliyense wokwera botilo amalemba dzina ndi kusayina. Ndinatsekula masamba a Febuluwale. 'Naite V.' analipo paliponse, pena wopendekera kumanja, pena kumanzere, malinga ndi mafunde a tsikulo. Ndinkayerekeza iliyonse ndi ya pa foni yanga. Pa tsamba la 6 Febuluwale ndinaima. Inali yomweyo, mpaka kamchira ka V kamene kanalumpha mzere.

"Palibe munthu amasayina kawiri mofanana chonchi," anatero Desmond. Anapendeketsa bukulo padzuwa n'kuyendetsa chala pa tsambalo. "Tagwirani apa, alamu."

Pepalalo linali ndi kangalande motsatira zilembo zonse. Wina anaika pepala lopyapyala pamwamba n'kulondola siginechayo ndi cholembera, akusindikiza.

"Amalume, bukuli limachoka m'boti?"

"Silichoka."

"Ngakhale kamodzi?"

Anayang'ana kunyanja.

"Wamtali uja amabwera. Amajambula masamba ndi foni, amati zikomo, amapita. Saligwira n'komwe, ndimamutsekulira ine. Akuti limanunkha nsomba."

"Nanga ena?"

"Linachoka kamodzi. Lachisanu lina, mvula ya Febuluwale ikugwa. Linabwerako Lolemba." Anabwerera pa chidebe chake. "Wolitengayo anati akufuna akopere malo amene tinaima. Ndinadabwa, chifukwa malowo ali kale m'makina ake. Koma ndinamupatsa. Mwanayo ndinamuphunzitsa ndine kumanga chingwe."

"Mwana uti, amalume?"

Anatola ukonde uja n'kuyambanso kusoka.

"Mukumudziwa kale, mwana wanga. N'chifukwa chake nkhope yagwa."

*

Gavin Pellow tinamupeza kuseri kwa labu akutsuka mathanki, atavala kabudula ndi chipewa chake chakale. Atationa anamwetulira monga mwa masiku onse.

"Mayi Hartigan, makina aja afanso? Ndinakuuzani kuti mugule ena. Asajeni, mwatsika kudzationa anthu osauka?"

"Tabwera pa nkhani ya inshuwalansi ya mayi Vaipulu," anatero Desmond.

"Maarten wandiuza dzulo. Zachisoni kwambiri. Ndinkafuna ndikamuone madzulo ano, mkazi wanga waphika keke."

"Fomu yachikasu imene inali m'kabati ya mu labu munaionapo?"

"M'kabati muja muli zinyalala za zaka khumi. Mwina ndinaiona, mwina ayi."

"Buku la boti munalitengapo?"

"Kamodzi, inde. Ndinkakopera malo. Amalume Elimo akuuzani." Anatseka mpopi n'kupukuta manja pa kabudula. Anali akumwetulirabe. "Asajeni, ndikuona kumene mafunsowa akulowera, ndipo sindikukwiya, ndi ntchito yanu. Koma ndikupulumutseni ku thukuta. Pa 11 Malichi ine ndinali ku Brisbane, kumsonkhano. Ndinalankhula pamaso pa anthu mazana awiri. Zithunzi zilipo, tikiti ya ndege ilipo."

Desmond anandiyang'ana ine.

"Gavin," ndinatero, "wakuuza ndani za 11 Malichi?"

"Si tsiku la pa fomupo?"

"Ndi lomwelo. Wakuuza ndani?"

"Maarten."

"Maarten sanaione fomuyo italembedwa, ndipo tsiku sitinamuuze."

"Ndiye ndi Naite, kapena..."

"Naite ndinamuonetsa siginecha yokha. Ndipo iwe sunakamuonebe kuchipatala."

Kumwetulira kuja kunatsalabe pankhope kanthawi, ngati nyali imene munthu waiwala kuzimitsa masana. Kenako anakhala pansi pa mkombero wa thanki n'kuvula chipewa.

"Bokosi la pakhomo panga limatsekulidwa Lachisanu lokha," ndinapitiriza. "Iwe ukudziwa, aliyense akudziwa. Unalemba tsiku limene udzakhale kutali, n'kuponyamo fomuyo usananyamuke. Unadikira kuti ine ndichoke. Kalata ya akampani itafika unaichotsa pa makalata ena."

"Ili m'galimoto," anatero motsitsa mawu. "Sindinathe kuitaya. Sindikudziwa chifukwa chake."

"Musanapitirire, adokotala," anatero Desmond, "dziwani kuti zimene mukunenazi ndizilemba."

"Lembani." Anayang'ana chipewa chili m'manja. "Zaka khumi ndi chimodzi, mayi Hartigan. Chaka chilichonse amandipatsa ntchito ya chaka chimodzi. Disembala aliyense ndimauza ana anga kuti mwina tisamuka, mwina ayi. Labu ino mapaipi ake ndinalumikiza ndi manja angawa. Ntchito yokhazikika itatuluka, anthu anayamba kunena za Naite. Ndipo sankalakwa, ndi katswiri kundiposa. Ndinatsekula kabati ija kufuna batire, ndinaona fomu yodinda kale, ndipo maganizo anangobwera onse pamodzi, okonzeka kale."

"Unaganizapo kuti angadwale?"

"Naite sadwala. Ndinkati mu Meyi akamayendera mapepala adzangoona kuti pali vuto, dzina lake lichotsedwa, iye abwerera kwawo kumene amamukonda kale. Palibe amene avulale. Loweruka atagwa padoko ndinamunyamula ndine kupita naye kugalimoto. Njira yonse ankandithokoza."

Madzi ankadontha kuchokera pa paipi.

"Tiyeni tikatenge kalatayo," anatero Desmond. "Kenako mukwere galimoto yanga. Mukhala kutsogolo, palibe chifukwa choti tauni yonse idziwe lero."

*

Zotsalazo zinali ntchito ya mapepala, ndipo mapepala ndiye kwathu. Desmond analemba kalata ya apolisi yotsimikiza kuti siginecha inali yakuba. Lachitatu lonse ndinakhala pa foni ndi akampani, kundipatsira uyu, kundipatsira uyo, mpaka ndinapeza bambo wina wanzeru amene anamvetsa kuti pempho lachinyengo silingathetse inshuwalansi ya munthu. Anaibwezeretsa kuyambira tsiku limene inathetsedwa, ngati sinadukepo. Abwana sanafunikenso kuimbira aliyense.

Za fomu yodinda isanalembedwe ndinakaulula ndekha. Abwana anandipatsa kalata ya chenjezo, yoyamba pa moyo wanga wonse wa ntchito, ndipo ndinailandira popanda kuwiringula. Ndinaiika m'fayilo yanga ndi manja anga, pamalo pake.

Lachinayi madzulo, dzuwa likadali pamwamba, ndinapita kuchipatala. Naite anali pakhonde pa njinga ya odwala, akusenda lalanje. Ndinamuuza uthenga wabwino poyamba. Anatseka maso n'kunena mawu ochepa m'chilankhulo chakwawo, kenako anandigwira dzanja.

"Ndiye nkhono zanga ndiziona zikuswa."

"Muziona. Amalume Elimo akuti akunyamulani okha kulowa m'boti."

"Adzathyoka msana, nkhalamba ija." Anaseka, kenako anandiyang'anitsitsa. "Tsopano ndiuzeni ndani."

Ndinamuuza. Ndinamuuzanso za mbali yanga, ndi zimene Gavin ananena pa thanki paja, osachotsapo kapena kuwonjezera. Anamvetsera mpaka kumapeto, lalanje lili m'manja.

"Ntchito ya mu Juni ija," anatero. "Zonsezi chifukwa cha ntchito ija?"

"Inde."

Anapuma mozama.

"Achemwali, ine ntchitoyo ndinaikana kale. Kwathu akutsekula malo oswetsera nkhono ku chilumba cha Vava'u, ndipo andipempha kuti ndikawayang'anire. Ndikunyamuka mu Ogasiti. Sindinauze anthu chifukwa ndinkadikira kuti mwamuna wanga amve kaye kwa ine, osati kwa amayi a kutchalitchi."

Anayambanso kusenda lalanje lija n'kupitiriza.

"Lachisanu lapitali, tsiku limodzi ndisanagwe, ndinalembera akuluakulu a yunivesite. Ndinawauza kuti achotse dzina langa, ndipo kuti ngati ali ndi nzeru apatse Gavin. Masamba awiri. Ndinalemba za mapaipi ake, za mmene anapulumutsira nkhono zanga magetsi atazima nthawi ya namondwe, zonse."

"Mukufuna ndiwauze kuti kalatayo mwaibweza? Ndikhoza kuwaimbira mawa m'mawa."

Anamaliza kusenda lalanje lija n'kuligawa pakati.

"Ayi, isiyeni. Zimene ndinalemba za ntchito yake n'zoona, ndipo sindinama kuti ndimubwezere. Zinazo alamu anu alemba kale. Akuluakuluwo awerenge makalata onse awiri, aone okha chochita. Amalipidwa chifukwa cha zimenezo."

"Simunakwiye?"

"Ndakwiya kwambiri. Mwendowu ukapola ndikamuuza pamaso, ndipo adzalakalaka akanakhala kundende. Koma mkazi wake ndi ana aja sanasayine fomu iliyonse." Anandipatsa theka la lalanje. "Pobwerera mudutse kunyumba kwa Gavin. M'chipindamo muli poto wa nsomba amene sitinamukhudze. Mukawauze kuti wachokera kwa amayi a kutchalitchi. Dzina langa musalitchule, angaope kudya."

Ndinanyamula potoyo atakulungidwa m'thawulo, akadali wofunda, n'kumuika pa mpando wakutsogolo. Kuti asatayike pa makona, ndinamumanga lamba.